A Gervásio Mucuala Sanathawe

Malemu a Gervásio Mucuala anabadwa pa 9 Malichi 1989 kuno ku Inhassunge. Anali oyamba mwa ana anayi a bambo Inácio, omwe anatisiya kale, ndi mayi Felismina. Ine ndikuwerengane ndine Calisto, chitsiriza m'banjamo. Akuluakulu amafuna kuti mbiriyi awerenge amalume, koma ndakana. Ndili ndi mawu.

Sukulu anayamba mu 1996 ndipo analekeza kalasi 7, poti bambo ankafuna wopalasa naye bwato. Kumeneko ndiko anaphunzira nyanja: akangoona matope ankadziwa kuti madzi abwerera nthawi yanji. Mu 2010 analowa gulu la asilikali a pamadzi. Mu 2013 anamanga banja ndi alamu athu a Ermelinda. Akabwera kutchuthi ankakwera kabaza wanga ku Quelimane, n'kumandinena: "Iwe mwana wa mayi, kupalasa kwanji kumeneku ngati nkhanu yodwala? Tsika ndikunyamule!"

Mu 2020 anatumizidwa kunkhondo ku Cabo Delgado. Apa pamayenera kubwera mbiri ya matenda, koma achimwene sanadwale. Mu Ogasiti chaka chimenecho doko la Mocímboa da Praia linagwa m'manja mwa zigawenga, foni yawo n'kungoti zii. Uthenga umene tinalandira unangoti asowa.

Kusowa si kufa. Kwathu kuno sitilira munthu amene mwina ali moyo, kuopa kumuitanira imfa. Ndiye pafupifupi zaka zinayi mayi akhala akumeza misozi. Alamu sanali amasiye, sanalinso pabanja. Ife tili chete choncho, ena munapeza pakamwa. Munati anataya mfuti n'kuthawira ku Tanzania. Munati analowa gulu la zigawenga. Kusukulu ana anu ankatcha mwana wawo Nélio "mwana wa wothawa". Dzino limene ndinagulula ndi chibakera pamsika paja, mwini wake ali pompano, ndamuona. Pa dzinolo ndikupepesa. Pa chifukwa chake ayi.

Pa 2 Juni chaka chino kunafika mlendo woyendera ndodo, a Momade Ussene a ku Angoche, msilikali mnzawo. Anatifunafuna nthawi yaitali, poti kumudzi kwathu sankakudziwa. Zimene anatiuza ndi izi. Tsiku lomaliza, zipolopolo zitawathera, asilikali anakweza ovulala asanu ndi awiri m'bwato la injini, a Momade ali m'gulumo. Madzi anali ataphwa, bwato linakanirira m'matope. Osadziwa nyanja anati adikire. Achimwene anayang'ana matopewo n'kunena kuti, "Anyamata, madzi awa sabwera msanga. Momade, gwira bwino mwendo wakowo, ungauiwale m'bwato la eni." Analumphira pansi, nakankha mpaka bwato linayandama. Chipolopolo chinawapeza ali m'madzi ofika m'chiuno. A Momade anawagwira kolala, ndipo anaona ndi maso awo kuti mpweya watha. Kenako malaya anang'ambika, nyanja inatenga.

Mayi anafunsa kawiri: "Mwana wanga, unaonadi wekha?" Atayankhidwa kachiwiri analira mokweza, ndipo tonse m'nyumbamo tinapumira m'mwamba. Chichokereni tsiku limenelo mayi ayambanso kudya bwino. Bokosi mukulionali ndi lopepuka chifukwa muli suti yawo ya ukwati yokha, koma ife tikudziwa amene tikuika.

Malemu asiya mayi awo, mkazi wawo, ana awiri, Nélio ndi Zaida, ndi abale awo atatufe. Tikuthokoza a Momade, amene ayenda mtunda wonsewu ndi mwendo umodzi. Amayi a kumpingo amene aphika mpunga wa kokonati kuyambira dzulo. Ndi anzanga a kabaza amene akumba manda. Inunso amene munalankhula, musachoke musanadye. Koma mukafika kwanu, mukauze ana anu zimene mwamva pano, ndi pakamwa pomwepo.

Achimwene, kumene nyanja inakugonekaniko, usani mumtendere. Lero tikukulirani poyera, mitu ili m'mwamba.