Rauta Yaikulu Imafuna Anthu Awiri

Bwana mkulu, akuluakulu a m'madipatimenti, mayi akunyumba kwa mnzathu amene akupuma pa ntchitoyu pamodzi ndi ana, anzanga nonse, ndakuonani. Mwandipatsa maikolofoni mukudziwa bwino pakamwa panga. Zotsatira zake ndi zanu.

Mayi, mwina simudziwa kuti kuno amuna anu timawatchula kuti a Gwedeza. Ndikuuzeni chifukwa chake. M'chipinda chozizira chomwe timagwiramo ntchito muli maraki, makabati achitsulo omwe timamangiriramo marauta, makina ogawa intaneti. Atangoyamba ntchito, bambowa anaika rauta yolemera pamwamba penipeni pa raki yosakhomerera pansi. Ati alendo aziiona bwino. Atangotsegula chitseko chake, raki yonse inawerama ngati ikupereka moni. Anaitchinga ndi msana, n'kuyamba kukuwa. Akanawamva ndani? Chipindacho chilibe windo. Anawapulumutsa ndi mayi wokolopa, amene ankangofuna ndowa yake.

Chiyambire tsiku limenelo, palibe chitsulo chimene amachikhulupirira asanachigwedeze. Raki yatsopano ikabwera amayeza kuya kwake, amaona malo otsala, amafinya mabawuti apansi. Akamaliza amavula jekete n'kulendewera pa rakipo. Munthu wa zidzukulu, miyendo ili m'malere! Ati, "Mwanawe, ikapirira mimba iyi, rauta ndi nkhani yaing'ono."

Sekani, koma anandiphunzitsa ntchito. Cholemera chimakhala pansi. Kumbuyo kumafunika mpata wa mawaya ndi mpweya. Ndipo rauta yaikulu sakweza munthu mmodzi: wina agwire, wina amange. Zaka zonsezi iwo amagwira, ine n'kumamanga. Iwo kukalipa kuti ndikuchedwa, ine kuwayankha kuti vuto ndi ukalamba. Masiku ambiri mawu a munthu amene ndinkamva anali amenewo basi. Inu a m'maofesi mumatikumbuka intaneti ikathawa.

Tsono achikulire, tiyang'anane. Sindinakukhululukireni. Zoti mukupuma ndinamvera kwa dalaivala. Ine amene ndimamwera nanu tiyi pa chivindikiro cha fulasiki! Mukuti munkaopa pakamwa panga. Kuopako munachita bwino, koma mukanandiuzabe.

Bwana mkulu, ikani kaye foniyo pansi, apa pakukhudza inu. Rauta yatsopano ija ili m'bokosi pakhonde. Anyamata a lole anaitsitsa akubuula. Mwandiuza kuti ndiikweze sabata yamawa, ndipo za wolowa m'malo mwati "tiona". Raki ndayeza, malo alipo, chitsulo chake ndi cholimba. Akusowa ndi manja. Ndekha sindiikhudza. Ikandigwera, mwamva kale kuti m'chipinda muja munthu samveka, ndipo mayi wokolopa uja anapuma kalekale. Ndipatseni munthu, bwana. Mwavomera? Kwezani mawu, akumbuyo sanamve. Eya! Nonse ndinu mboni.

Zikomo bwana. Komabe amene abwereyo ndidzamuphunzitsa ndine. Akadzafunsa zimene sindidziwa, ndidzatembenukira ku mpando wopanda munthu.

A Gwedeza, zikomo. Munanditenga ndili ndi satifiketi ya sekondale ndi mwano wokha. Lero ndikalowa m'chipinda chija sindiopa kanthu. Palibe rauta imene inakupulumukani m'manja, ndipo zala zanga ndi izi, zonse zilipo. Pitani mukapume, msanawo wasenza zokwanira. Muzikagona mpaka dzuwa likuotcheni. Mayi, tawabweza kwa inu. Ndi ouma mutu, koma mukawasamale. Foni yokha asamazimitse. Ndiziimba popanda chifukwa, ndipo aziyankha. Za kukhululuka ndikaganizabe.

Anzanga, imirirani. Aombereni m'manja bambowa. Ombani mwamphamvu ndithu, kuti mphuno yangayi isamveke.