Mayi Singano, Amene Anawalitsa Miluza ya Mbewa

Malemu tagoneka apawa, amene kuntchito ndi kunyumba komwe ankatchedwa Mayi Singano, anabadwa m'chaka cha 1966, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anali achitatu mwa ana asanu, ndipo ndi okhawo amene sankathawa sukulu. Enafe zotsatira zake mukuziona.

Atamaliza sekondale anaphunzira ntchito ya mu labotale. Mu 1991 anakwatiwa ndi bambo akhala kutsogolowa, amakanika, amene kwa zaka 33 sanagulepo mafuta onunkhira, poti mbewa za kuntchito kwa akazi awo zimadana ndi fungo. Bambowa amati kunali kumvera. Ife timati kuumira.

Ntchito ya malemu inali iyi. Mluza wa mbewa wa tsiku limodzi ndi wochepa ngati kafumbi. Iwo ankauika pansi pa maikulosikopu, n'kugwira mpweya, n'kuubaya ndi singano yagalasi yoonda kuposa tsitsi, kulowetsamo uthenga wa chibadwa woti madokotala aphunzirirepo matenda obadwa nawo. Umodziumodzi, mpaka mazana awiri dzuwa lisanafike pamutu. Anthu a madigiri ankaima kumbuyo kwawo kukamwa kuli yasa.

Kutchalitchi ankaimba kwaya, ndipo woimba molakwa ankangomuyang'ana kamodzi, iye n'kukhala pansi yekha.

Mu 2022 manja awo anayamba kunjenjemera. Supuni ankaigwira, koma singano ayi. Mabwana anaitanitsa keke yotsanzikana. Malemu anati kekeyo adye okha, iwo sanamalize. Anapempha chaka chimodzi choti ayese njira imene anzawo ankangoiwerenga m'mabuku: kukulunga uthenga uja m'timadontho ta mafuta tosaoneka ndi maso, n'kuviikamo miluza, kuti ulowe wokha popanda kubaya. Mluza wolandira uthengawo unayenera kuwala mobiriwira pansi pa nyali yapadera. Akachulutsa mafuta, miluza inkafa. Akachepetsa, mdima wokhawokha. Chaka chinatha, iwo anaba china.

Mwezi wathawu matenda anakula, anawagoneka m'chipatala, ndipo mbale yomaliza ya miluza imene anasakaniza inatsala ndi anzawo. Lachisanu masana anzawowo analowa m'wodi akuthamanga, anesi akuwakalipira, foni ili m'mwamba. Pachithunzi panali timiluza towala mobiriwira, tamoyo, tosabayidwa. Malemu anayang'ana nthawi yaitali, chala chikuvina pagalasi, nawerenga timiluza khumi ndi tinayi. Kenako anafunsa ngati wina wakumbukira kutseka chitseko cha chofungatira miluza. Panalibe wokumbukira. Mmodzi anabwerera ali liwiro.

Anatisiya patapita milungu itatu, dzanja lawo lili m'dzanja la amuna awo.

Asiya mwamuna, ana aakazi awiri, wamwamuna mmodzi, zidzukulu zinayi, achimwene awiri, mng'ono mmodzi, ndi tiana ta mbewa tisanu ndi tinayi tochokera m'mbale ija, tobadwa tsiku lomwe iwo anatsikira kuli chete.

Anamaliza. Tsopano apumule mu mtendere.