Nyumba Imene Bambo Njobvu Anakana Kugula

Malemu bambo Abednego Njobvu, amene tawazungulira panowa, anabadwa pa 14 Malichi 1944 m'mudzi wina kufupi ndi Chadiza, kum'mawa kwa Zambia. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Lameck Daka, mlamu wawo, mlongo wa mayi Winifred amene aferedwawa. Akubanja andiuza kuti ndisakometse mawu, ndinene momwe zinaliri.

Sukulu anayamba mu 1952 pa mishoni, koma analekezera Sitandade 4 chifukwa makolo awo analibe cholipirira. Zimenezi zinawapweteka moyo wonse, ndipo ndi zimene zinawaphunzitsa kuumira. Mu 1962 anakwera sitima kubwera kuno ku Bulawayo, atalonjeza mayi awo kuti akangopeza ndalama za ng'ombe zinayi ndi malata abwerera. Chaka chotsatira analembedwa ntchito pa fakitale yoomba nsalu, ndipo anagwira pamenepo zaka makumi anayi ndi chimodzi osalandirapo kalata yochenjeza.

Pa 7 Ogasiti 1971 anakwatira mlongo wanga Winifred, wobadwira ku Barbourfields konkuno. Fakitale inawapatsa nyumba ya zipinda zinayi ku Tshabalala, ndipo m'menemo ndi momwe munabadwira Elton, Nobuhle ndi Themba.

Amene munawadziwa mukukumbukira maenivelopu atatu aja. Tsiku lolandira malipiro ankagawa ndalama patebulo: ya chakudya, ya sukulu, ndi ya kumudzi. Yachitatuyo inkapita kubanki m'mawa mwake, ndipo sinkakhudzidwa ngakhale mwana atang'ambika nsapato. Nyama m'nyumba mwawo inkaoneka kawiri pamwezi. Mowa sankamwa, ngongole sankatenga, ndipo ku Tshabalala ankachokera wapansi kupita kuntchito makombi, maminibasi akunowa, akuwaimbira hutala. Ine ndinkawaseka kuti kobiri likalowa m'thumba mwawo limatsanzikiratu abale ake. Iwo ankangonditchula mlamu m'Chindebele, n'kuti, "Sbali, pang'onopang'ono ndi mtolo." Achinyamata ambiri akutchalitchi anaphunzira kusunga ndalama kwa iwowa, ndipo ena a inu muli pano.

Mu 1986 fakitale inalengeza kuti antchito angathe kugula nyumba zimene ankakhalamo, n'kumadulidwa pang'ono pamalipiro. Anzawo onse a mumsewumo anasaina. Mayi Winifred anawachonderera mpaka kulira, inenso ndinapitako katatu. Malemu anakana. Anati, "Mlendo ndi mame. Ndigulirenji nyumba pachilendo? Imali ya kubankiyi ikamanga ekhaya, kumudzi kwathu, nyumba ya njerwa, ndi khonde lake." Ndalama zolipira nyumbayo theka nthawi imodzi anali nazo m'buku la kubanki. Sananyengedwe ndi munthu, sanaledzere, anangokhulupirira kuti kwawo n'kumene anabadwira.

Anapuma pantchito mu 2004, ndipo mu Febuluwale 2005 anabweza makiyi a nyumba ija, n'kukachita lendi zipinda ziwiri ku Nketa. Anati adikire Themba amalize maphunziro, kenako ulendo. Nthawi imeneyo mitengo inali itayamba kale kuthamanga, koma iwo ankati banki si mphika woti ndalama ingapserere. Pofika 2008 nonse mukudziwa zimene zinachitika, ndalama yakuno inatheratu mphamvu. Anaima pamzere kubanki masiku atatu, ndipo zimene anasunga zaka makumi anayi, pamodzi ndi penshoni, sizinakwane tikiti ya basi yofikira ngakhale ku Hwange, usanaoloke n'komwe kulowa mu Zambia. Atabwera kunyumba tsiku limenelo anakhala pampando jekete ili m'thupi mpaka dzuwa kulowa.

Mu 2011 Elton anatumiza ndalama kuchokera ku Joni kuti bambo ake akaone kwawo. Anapita okha, atanyamula shuga ndi mabulangete awiri. Anakapeza mayi awo ndi azilongo awo onse ali kumanda, munda ukulimidwa ndi zidzukulu zimene sizinawamvepo n'dzina lomwe. Anawalandira mwaulemu, koma ankawatchula kuti a ku Zimbabwe, ndipo ana ankaseka Chichewa chawo chosakaniza ndi Chindebele. Malo omanga sanapatsidwe, nawonso analibe chomangira. Anakhalako masiku asanu ndi anayi. Atabwerako sanatchulenso za khonde lija.

Wina akanataya mtima, koma malemu anayambiranso ali ndi zaka 67. Ankasoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera makombi, n'kumasunga madola a ku America kubanki kuti agule kamalo konkuno, mkazi wawo asadzavutike. Mu 2019 ndalamazo zinasinthidwa kukhala zakuno, ndipo zinasungunuka kachiwiri iwo akuona. Ine ndilibe mwambi wofotokozera zimenezi. Munthu anachita zonse zimene timauza ana kuti azichita, ndipo zinamuthera m'manja.

Matenda a shuga anawapeza nawo mu 2021. Mankhwala ankamwa modumphitsa masiku kuti akhalitse, osatiuza. Pa 22 Juni chaka chino anagwa m'bafa, mbali yakumanja n'kuuma, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Tsiku lina ndili pambali pawo, mdzukulu wawo Charlene, amene wangoyamba ntchito yaunamwino, anafunsa kuti malipiro ake oyamba awagawe bwanji. Malemu anamuyankha movutikira kuti, "Sindikudziwa, mntanami, mwana wanga. Ugule nsapato." Kenako anatembenukira kwa mayi Winifred nati, "Mundikhululukire nyumba ija." Anamwalira pa 9 Julaye 2024, ali ndi zaka 80.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Winifred. Ana atatu, Elton, Nobuhle ndi Themba. Ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ankafuna kukagona pafupi ndi mayi awo ku Chadiza, koma banja lalephera, ndipo tikawaika konkuno.

Tikuthokoza bungwe lathu la maliro chifukwa cha bokosi ndi galimoto, amayi a chigwirizano amene aphika masiku atatu, abusa ndi kwaya, komanso anansi a ku Nketa amene atithandiza ndi mipando ndi nkhuni. Siyabonga nonse, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikunena ndi manyazi. Nyumba tasonkhanayi eni ake aigulitsa, ndipo mayi Winifred, pa zaka 73, auzidwa kuti atuluke pofika pa 31 mwezi uno. Ana onse atatu, aliyense akukhala m'chipinda chimodzi chokha cha lendi ndi banja lake, ndipo ine ndikusungidwa ndi mkamwini. Ngati alipo akudziwa chipinda, ngakhale chakuseri, andione tikabwerako kumanda.

Alamu anga, munagwira ntchito, simunabe cha munthu, simunadye chanu chomwe. Mzimu wanu uuse mumtendere. Ife otsalafe tikayamba mawa kufunafuna pogona akazi anu.