Anandipepesa maliro ndi kalata tili m'nyumba imodzi

Chaka chija korona anatitsekera m'nyumba ngati nkhuku za mazira, ambiri a inu munali musanaone n'komwe mkati mwa ndege, koma ine ndinali nditatha kale zaka zitatu ndikugwira ntchito ku Onaiza, dera lina la mzinda uno wa Aluya, m'nyumba ya azungu a ku Switzerland. Tsekani kaye makope anuwo, zowerenga tichita Lachisanu likubwerali. Iwe Hawa, ika foniyo pansi, ine sindibwereza nkhani kawiri.

Inu mwabwera nthawi yabwino. Masiku ano bwana akakutopetsa umangopereka notisi n'kukafuna kwina, koma ife tinapeza kuti kusintha ntchito kumafuna kalata ya bwana yemwe ukumuthawayo, ndipo anzathu ambiri pasipoti yawo ankangoiona tsiku lofika basi. Ndiye musamve ngati ndikunena anthu ankhanza, ayi. Pasipoti yanga inkagona m'chikwama changa, ofu yanga ya Lachisanu sanaidyepo, ndipo madamu sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi. N'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa mpaka lero, pakuti munthu woipa umadziwa pomuimira, koma munthu wabwino akakulakwira umasowa pogwira.

M'nyumbamo munali madamu, bwana ndi ine. Iwo awiri ankayankhulana chinenero chawo chapakhosi, ngati munthu wameza minga ya usipa, ndipo akatembenukira kwa ine m'pamene ankatulutsa Chingerezi. Changa ndi chija ndinachitola kusukulu ya kwacha ku Ntaja ndili kale ndi ana atatu, chothyokathyoka koma choyenda, moti m'nyumba monsemo Mngerezi ndinali ine. Musaseke, ndikunena zoona.

Anthu amenewa amapembedza wotchi. Akati chakudya hafu sikisi, si hafu sikisi ya kwathu ija yoti inshallah, ayi, muvi ukangofika pamenepo bwana wakhala kale pampando. Nanga chakudya chake? Buledi wozizira ndi tchizi chonunkha ngati nsapato ya mlonda, anthu akuluakulu n'kunena kuti adya, akagone. Zinyalala ndinkazigawa panayi, mabotolo pawokha, mapepala pawokha, zotsala za chakudya pazokha, zitini ndiyambe ndazitsuka ngati mbale za alendo. Ndipo m'mawa uliwonse, ngakhale mwezi wa Julaye kunja kukutentha ngati uvuni ya njerwa, madamu ankatsegula mawindo onse mphindi khumi kuti nyumba ipume. Ipume chiyani? Fumbi lonse la m'chipululu linkalowa, wopukuta ndine. Ndinkadandaula chamumtima, koma kwa eni kulibe mkuwe.

Chachikulu chinali chitseko. Kwa iwo chitseko chotseka ndi ulemu. Mwamuna ankagogoda kuchipinda chimene mkazi wake akuwerengera, ndipo mnzawo wa nyumba yoyandikana, wa kwawo komweko, akafuna kudzamwa tiyi ankapangana masabata awiri zisanachitike n'kulemba pa kalenda ya pa filiji. Ine ndinkangoti ndi misala ya anthu olemera, osadziwa kuti tsiku lina idzandigwera.

Korona atafika, ofu ya Lachisanu inatsala dzina lokha. Kutuluka kunalibe, mzikiti wotseka, anzanga ndinkangowamva pa foni, ndipo mabwana onse awiri ankagwira ntchito zawo pakhomo, aliyense ndi kompyuta yake kuseri kwa chitseko chake. Koma chakudza sichiimba ng'oma, ana inu, ndipo sichilembetsa pa kalenda. Lachitatu lina m'mawa ndikusita malaya a bwana, foni inalira, achimwene anga a Jafali. Sanandipatse n'komwe moni. Anangoti, “Patuma, amayi atisiya m'bandakucha. Tiika ikatha swala ya masana.”

Mukudziwa kuti ife sitigoneka maliro. Ngakhale ndege zikanakhala zikuuluka sindikanawapeza, koma nthawi imeneyo ngakhale yopita kukaona manda okha kunalibe. Ndinakuwa. Ndinakuwa monga mwana wamkazi amalirira mayi ake, simbi ili chiimire pa malaya. Madamu anathamanga, anazimitsa simbi, ndipo atamva anagwira pakamwa, maso ake atafiira. Anati, “Pepa kwambiri, Patuma. Siya zonse, usagwire ntchito ina iliyonse sabata ino.” Ndinati mumtima, ameneyu ndi munthu.

Ndinapita kuchipinda kwanga, ndinakankhira bedi kukhoma, ndinayala chitenje pansi, ndinafunda mpango, n'kukhala mwendo tambalale chitseko chili pululu, monga namfedwa amakhalira podikira anthu. Ndinkadziwa kuti a kwathu sangabwere chifukwa cha matendawo, koma m'nyumbamo munali anthu awiri amoyo, a miyendo yawo. Patapita kanthawi ndinamva mapazi. Ndinakonza mpango, ndinasendera kuti ndimusiyire malo. Madamu anafika pakhomo, anandiyang'ana mwachisoni, kenaka anagwira chitseko pang'onopang'ono, n'kuchitseka.

Anatseka! Hawa, ukumva? Ananditsekera ndekha ndi maliro a amayi anga.

Ndinaganiza kuti mwina ndi mphepo ya makina oziziritsa m'nyumba ikumuvuta, ndiye ndinadzuka n'kutsegulanso. Masana anabwera ndi thireyi, supu ndi buledi, anaika pansi pakhomo ngati akupatsa wodwala khate, n'kutsekanso. Nthawi imene kwathu ankanyamula jeneza, chithatha cha maliro, kupita kumanda, ine ndinali ndekha pakati pa makoma anayi, ndipo nyumba yonse inali zii. Wailesi anazimitsa, ankayenda monyang'ama, ngakhale chinenero chawo chapakhosi chija ankachinong'ona. Kwathu pamaliro pamakhala phokoso la anthu, wina akulira, wina akuwaza nkhuni, wina akukangana ndi mnzake za ndowa, ndipo phokoso limenelo ndi limene limakugwira kuti usagwe. Apa ndinkangomva mtima wanga wokha.

Tsiku lachiwiri ndinaona kanthu koyera kakulowa pansi pa chitseko. Envelopu. Mkati munali khadi lolimba bwino la duwa loyera, ndipo madamu anali atalemba ndi dzanja lake, bwana n'kusaina pansi. Ndinawerenga ndi chala, liwu limodzilimodzi monga anatiphunzitsira, ndipo linkati ali nane limodzi m'maganizo, nditenge nthawi yonse imene ndikufuna, sandisokoneza. Ali nane m'maganizo! Munthu ali kuseri kwa khoma, ndikumumva akutsokomola, koma akunditumizira kalata ngati ali ku Joni. Zaka zonse ndinavutika kuphunzira kuwerenga zija, kuti ndidzawerenge zimenezi?

Ndinaimbira Mariyamu, mnzanga wa ku Mangochi amene ankagwira kwa Aluya ku Al Duhail. Ndi uja anapita kumudzi chaka chatha, wamtali uja, enanu munamuona. Analira nane pa foni mpaka mawu anamuthera, kenaka anafunsa kuti, “Nanga azungu ako a mawotchi aja akhala nawe?”

Ndinati, “Andilembera kalata.”

“Ali kuti iwowo?”

“Pabalaza.”

Anati, “Asisi, amenewo si anthu, ndi mafiliji. Ine madamu wanga ndi wolongolola, ofu amachita kundipatsa ngati akuzula dzino, koma mchemwali wanga atamwalira anakhala nane pansi tsiku lonse, n'kuitana azakhali ake onse kudzalira munthu amene sanamuonepo. Khalasi, zakwana basi, matendawa akangotha uchokeko kumeneko.”

Mawu amenewo anandilowa. Tsiku lachitatu, tsiku limene kumudzi ankachita sadaka ya amayi, anthu atadzaza bwalo lonse, thireyi ija inafikanso pakhomo ndipo chitseko chinayambanso kuyenda pang'onopang'ono. Inu mumandidziwa, ine mtima wanga uli pafupi. Ndinaponda chitsekocho ndi phazi.

Ndinati, “Madamu, ndinakulakwirani chiyani?”

Anadzidzimuka. “Sunalakwe kanthu, Patuma. Bwanji?”

“Nanga mukunditsekera chifukwa chiyani? Ndine mkaidi? Ndili ndi korona? Amayi anga afa, ndakhala pansi apa masiku atatu, palibe munthu walowa. Ngakhale galu akafa kwathu, mwini wake amafunsidwa kuti chachitika n'chiyani!”

Chingerezi changa tsiku limenelo chinatuluka chosakaniza ndi Chiyao, koma anamva. Nkhope yake inayera kuposa mmene inalili. Anati, “Ife timaganiza kuti ukufuna kukhala wekha. Kwathu munthu akaferedwa timamupatsa mpata. Bambo anga atamwalira sindinkafuna kuona munthu, anzanga ananditumizira makadi ndipo ndinawasunga mpaka lero.”

Ndinati, “Mpata ndili nawo wambiri, kuchokera pano mpaka ku Ntaja ndi mpata wokhawokha. Ine ndikufuna munthu. Khalani pansi.”

Anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando.

“Pansi, madamu. Apa.”

Anakhala, mayi wamkulu wa ofesi, mawondo ake akulira ngati nkhuni zouma, miyendo osadziwa koiika. Ndipo mukudziwa chimene anafunsa? Anayang'ana pa dzanja pake n'kunena kuti, “Kwa nthawi yaitali bwanji?” Ndikanakhala wina ndikanaseka, koma ine ndinapsa mtima kwambiri. Ndinati maliro alibe hafu sikisi. Anachita manyazi, anavula wotchiyo n'kuiika m'thumba, kenaka anafunsanso motsitsa mawu kuti, “Ndiye ndinene chiyani?”

“Musanene kanthu. Mungokhala.”

Tinakhala. Poyamba anali wouma ngati mtengo, akuyang'ana khoma, ine ndikulira. Koma patapita nthawi ndinamva dzanja pa msana panga, ndipo anafunsa funso limene ndinkalidikira masiku atatu onse aja. Anati, “Dzina lawo anali ndani?” Ndinamuuza kuti anali Abiti Saidi. Ndinamuuza mmene ankadwalira shuga, mmene ankayendera wapansi kukagulitsa mphasa pamsika, mmene anandilerera ana anga kuti ine ndibwere kuno, ndi mmene anandikalipira pa foni sabata yomweyo kuti ndaonda. Zina ndinkanena m'Chichewa osazindikira, iye n'kumangogwedeza mutu. Bwana anabwera kudzafuna mkazi wake chifukwa nthawi ya msonkhano wa pa kompyuta inali itakwana, anagogoda pa chitseko chotsegula kale, ndipo madamu anamuyankha mawu awiri okha a chinenero chawo. Bamboyo anavula nsapato n'kukhala pakhomo, msana atatsamira felemu. Mariyamu anaimba pa vidiyo ali ndi amayi ena atatu, aliyense m'khitchini ya bwana wake, tinawerenga duwa, pemphero lathu la Chisilamu, azungu awiri ali pansi mitu yowerama. Chakudya cha hafu sikisi tsiku limenelo chinadyedwa mochedwa, ndipo palibe amene anafa nazo.

Musaganize kuti anasintha n'kukhala Amalawi, ayi. M'mawa mwake mawindo anatsegulidwa monga mwa masiku onse, ndipo ine ndikakumbuka masiku awiri aja ndimapsabe mtima, chifukwa nthawi imene amayi ankalowa m'manda ndinali ndekha, ndipo imeneyo palibe angandibwezere. Lamulo litasintha kuti munthu atha kuchoka popanda kalata ya bwana, Mariyamu anandipezera malo ku Al Duhail, nyumba ya ana asanu ndi phokoso lokwanira. Ndinaganiza sabata yathunthu, koma sindinapite. Ndinati munthu amene ndamuphunzitsa kale kukhala pansi ndimusiyirenji, n'kukayambanso ndi wina? Ndinakhala nawo mpaka kontilakiti ya bwana inatha iwo n'kubwerera kwawo.

Koma chimene ndakuuzirani zonsezi si azungu, ndi inu. Iwo aja anali ndi chifukwa, ndi mwambo wa kwawo, sankadziwa. Nanga inu? Ndamva m'mawa uno kuti Zainabu, mtsikana uja amakhala kumbuyo kwa kalasi osayankhula, bambo ake amwalira Lolemba ku Namwera, ndipo inu nonse mwangomutumizira tizithunzi ta manja opemphera pa foni, wina mpaka kaduwa. Lero kulibe mliri, misewu ndi yotsegula, ofu muli nayo, ndipo nyumba imene amagwira ili konkuno ku Al Hilal, misewu itatu kuchokera pano. Maliro n'kulirana, ana anga, ndipo kuno kutali mayi wa mnzako ndiwe, azakhali ake ndiwe, mudzi wake wonse ndiwe. Simukufunika mawu anzeru, ngakhale kunyamula kanthu. Mukafika mukavule nsapato, mukakhale pansi pafupi naye, ndipo mukamufunse dzina la bambo ake.

Yala, tiyeni, nyamukani. Fundani mipango bwinobwino, ine nditsogola.