Amene Anasambitsa Mwana Wanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Amake Tisa, wa ku Kanakantapa. Ndaika mwana wanga m'manda ndipo ndikadali wotopa, koma ndati ndinene zimene Mulungu anandichitira pa maliro ake.

Tisa ankagulitsa thupi m'mabala a ku Chongwe. Sindibisanso. Atapezeka ndi kachilombo, ankaopa kukatenga mankhwala kuchipatala chapafupi, chifukwa pamzere pamakhala anthu otidziwa. Tsiku lina ndinapeza botolo la mankhwalawo m'chikwama chake, ndipo ndinamukalipira pabwalo, aneba akumva. Kuyambira pamenepo anasiya kumwa. Mwamuna wina atamumenya mpaka kuthyoka nthiti, sanapite kupolisi, ati akangomuseka. Anabwerera kwa ine atatha kale thupi, ndipo anamwalira pa mphasa yanga.

Kwathu mtembo wa mkazi umasambitsidwa ndi amayi anzake, womubereka sagwirako. Tsiku loika maliro ndinakhala pakhomo la mochale ndi beseni, sopo ndi diresi loyera. Amayi a kumpingo, amene ndasambitsa nawo mitembo zaka zambiri, sanabwere. Mmodzi anatumiza mawu akuti manja awo ndi opempherera. Dzuwa linakwera, bokosi likudikira pagalimoto. Mphamvu zopemphera ndinalibe. Ndinangoti, “Ambuye, asapite ndi litsiro.”

Chakumasana pa minibasi panatsika atsikana anayi atavala zitenje ndi maduku. Ndinawazindikira. Anali anzake a Tisa a kumabala, amene ndinawathamangitsa ndi tsache atabwera kudzamuona akudwala. Wamkulu wawo, Mwaka, anagwada pamaso panga.

“Amama, tipaseni beseni. Ni m'bale wathu uyu.”

Manyazi anandigwira, ndinamupatsa beseni lija. Atsikanawo anamusambitsa Tisa, anamudzoza mafuta, namuluka tsitsi mmene iye ankakondera. Kenako Mwaka anandigwira dzanja nati, “Bwerani mumuone, Amama. Wawama, wakongola.” Ndinalowa, ndipo ndinaona mwana wanga, osati munthu amene mudzi unkamunena uja.

Sindikunena kuti ntchito ya ana amenewa ndi yabwino. Imawavulaza, ndipo iwo eni akudziwa. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa anthu amene sindinkawapatsa ngakhale moni. Inu amene muli ndi mwana wotere, musatope naye, ngakhale mtima uwawe chotani. Pempherani, ndipo mugwireni dzanja akadali wofunda.