Mkanda Sutsutsidwa

Malemu amene atisonkhanitsa pano lero anabadwa pa 9 Meyi 1992, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteji ya basi. Anali mwana woyamba wa mlongo wanga ndi alamu anga atelala. Ine ndaima panone ndine malume awo. Abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi osati chifukwa cha sukulu, poti yanga inathera panjira, koma akuti ndine wapakamwa. Ena andinong'oneza kuti ndifupikitse ndiponso ndisalaze. Kufupikitsa ndiyesa. Kusalaza ayi, anamalira, mundikhululukire.

Dzina limene ambiri mumawadziwa nalo, loti a Mafunso, ndinawapatsa ndine. Ine ndakalambira pamsewu. Ndagwira ntchito m'malole, m'madoko ndi m'mahotela a m'mbali mwa njira, ndipo pobwera kunyumba sindinkanyamula katundu koma nkhani za anthu osawadziwa. Ana ena ankamvera n'kuwodzera. Awa ayi. Ndikati munthu uja analumpha m'sitima ikuyenda, iwo ankafunsa kuti nanga asanalumphe mtima wake unkati chiyani. Ndikati sindikudziwa, ankati ndiye kuti nkhaniyo ndangoitola theka.

Mu 1998 anayamba sukulu ya pulayimale. Mu Okutobala 2001, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi awo anapita kuchipatala kukabereka mwana wachiwiri. Panalibe wowasiyira kunyumba, choncho bambo awo anawatenga n'kukhala nawo pa benchi m'khonde, moyang'anana ndi chitseko chobiriwira. Mayi awo sanatuluke pachitseko chimenecho, ndipo khandalo silinalire. Kuyambira pamenepo malemu akaona mayi woyembekezera akubwera, ankawolokera tsidya lina la msewu. Sankabisa, ndipo tonse tinkadziwa. Analeredwa ndi mayi awo aang'ono, amene akhala apowa.

Anapita kusekondale mu 2006, ku yunivesite mu 2010, kumene anaphunzira za kaganizidwe ka anthu, ndipo anamaliza mu 2014. Mu 2015 analembedwa ntchito ndi gulu lina lofufuza za umoyo wa achinyamata. Ntchito yawo inali kuyeza mantha amene anyamata ndi atsikana osabereka amakhala nawo pa nkhani yobereka, m'mayiko osiyanasiyana. Atandiuza ndinaseka, ndikuti kodi mantha amaikidwa pasikelo ngati nyama ya m'butchala? Anandiyankha kuti, "Amalume, chinthu chosayezedwa akuluakulu amati kulibe."

Poyamba ankafunsa ndi pakamwa, koma anaona kuti sizikuyenda. Kwina kunena kuti ndikuopa n'chamanyazi. Kwina amati ndi mwano kwa Mulungu. Kwina mawu enieniwo oti mantha ndi opepuka, amawagwiritsa ntchito ngakhale poona mphemvu. Ndiye malemu anapanga kathabwa kotalika ngati zikhatho ziwiri, n'kumangapo waya wokhala ndi mkanda umodzi wofiira. Kumanzere kunatanthauza kuti mtima uli m'malo, kumanja mantha osagonetsa tulo. Kathabwako ankakaika m'kathumba ka nsalu, wofunsidwa n'kupisamo dzanja, n'kukankha mkanda popanda womuona. Timatumba toyamba anasoka ndi bambo awo omwe, pamakina awo akale opalasa ndi phazi.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo aliyense amene anagwira nawo ntchito analimva mpaka kutopa nalo: mkanda sutsutsidwa. Pamene munthu wauika ndi pomwepo. Wofunsa asawonjezepo nzeru zake, asanene kuti iwe ukubisa kapena iwe ukukokomeza. Ankaphunzitsanso anamwino kuti mantha amatha kupweteketsa mutu, kuthamangitsa mtima ndi kuthawitsa tulo. Sungani mawu awiri amenewa, anamalira, poti ophunzira awo anasunga amodzi okha.

Kuyambira 2016 anayenda kuposa ine. Akabwera tinkasinthana nkhani pakhonde pa mayi awo aang'ono, ndipo zanga zinayamba kuchepa mphamvu. Anandiuza za dziko lozizira kumene chipatala chili pakona iliyonse, koma atsikana ake ankakankha mkanda mpaka kugunda kumapeto, chifukwa cha zimene anaonera m'mafoni. Anandiuza za tauni ina ya mchenga kumene atsikana ankausiya kumanzere azakhali awo akakhala m'chipindamo, azakhali akatuluka n'kupempha kathumba kachiwiri. Anandiuza za anyamata a pasukulu ina ya zomangamanga amene anaseka n'kumati, "Achemwali, ife sitibereka, mwasokera," koma atapisa manja mkanda unapita patali kuposa wa atsikana. Mmodzi anatsalira anzake atatuluka, n'kufunsa motsitsa mawu ngati n'zoona kuti mwamuna amaloledwa kudikira panja. Malemu ankati kulikonse kumene anafika anapeza zofanana: amene akuti ndikuopa samukhulupirira, amene akuti sindikuopa samukhulupiriranso.

Pa 17 Ogasiti 2019 anakwatiwa ndi bambo awa, amisiri a zamagetsi, amene anadziwana nawo atabwera kudzakonza mawaya ku ofesi. Malemu anawauza asanakwatirane kuti za mwana adikire kaye, poti chitseko chobiriwira chija chinali chisanatsekeke mumtima mwawo. Bambowa anavomera ndipo anasunga mawu awo. Amene sanavomere ndi ena. Panali kuseka m'maphwando, kuti mlamu wathu amayeza mantha a eni ake, akeake amukanika kusenza. Panali ofunsa ngati kathabwa kaja kadzawaguguza akadzakalamba. Onena zimenezi ali pano, ena akhala kutsogolo kwenikweni. Sinditchula munthu.

Malemu anapita okha kwa alangizi, anakaona chipinda choberekera masana dzuwa likuswa mtengo, anakhala pa benchi yonga ija mpaka anaizolowera. Kumayambiriro kwa 2024 anandiimbira foni ndili kudoko lina, akuseka, n'kundiuza kuti ndikonzeke kukhala agogo. Nditabwera kudzawaona ndinapeza apenta chipinda chaching'ono utoto wachikasu, agula beseni ndi timalaya, ndipo akukangana ndi amuna awo za pamene paikidwe soketi. Munthu ndinamuona tsiku limenelo sanali wamantha. Ndayenda, ndipo nkhope ya mantha ndimaidziwa.

Kumayambiriro kwa Sepitembala, mimba ili m'mwezi wachisanu ndi chitatu, mutu unayamba kuwapweteka osaleka. Mapazi anatupa mpaka ankavala nsapato za amuna awo. M'maso ankaona tinthu tothwanima. Anauza abwana awo kuntchito, ndipo abwana anaseka mwachikondi kuti, "Mwawerenga zambiri, mayi, tsopano mabuku akukulumani." Anauza apongozi awo, ndipo apongozi anati ndi za mayi awo zija zawabwerera, alimbe mtima, mkazi aliyense amadutsa pomwepo. Amuna awo okha ndiwo anati tiyeni kuchipatala.

Lachisanu pa 13 Sepitembala anapita. Zimene ndikunenazi anandiuza okha pafoni masana a tsiku lomwelo, ndipo amuna awo anali pomwepo, akhoza kunditsutsa. Namwino amene anawalandira anali mmodzi wa amene malemu anawaphunzitsa. Anawakumbatira, n'kuitana anzake kuti bwerani mudzaone aphunzitsi athu. Atamva za mutu ndi kusowa tulo anagwedeza mutu ngati wadziwa kale. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi anali kuchipinda china, kumene kunali mzere wautali. Iye anatsegula kabati n'kutulutsa kathumba ka nsalu, monyadira, kuti aphunzitsi aone kuti maphunziro awo sanapite pachabe.

Malemu anapisa dzanja. Kathabwa katatuluka, mkanda unali kumanzere, pafupi ndi poyambira. Namwino anamwetulira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mukubisa. Nkhani yanu tonse timaidziwa." Malemu anayankha kuti, "Mwanawe, mantha ndakula nawo, ndimawadziwa ngati mbale wanga. Awa si mantha, ndi mutu." Namwino anawasisita paphewa, n'kuwakhazika pampando wofewa, n'kuwaphunzitsa kapumidwe kotsitsa mtima kamene iwo omwe anamuphunzitsa. Kenaka anawapatsa timapiritsi ta mutu n'kuwauza kuti za magazi adzayeza pa tsiku lawo la sikelo sabata yotsatira, asavutike ndi mzere. Ankaganiza kuti akuwachitira ulemu.

Pafoni paja malemu anaseka kuseka kosakoma. Anati, "Amalume, nayi nkhani ya m'thumba mwanu. Ndayenda dziko lonse kuuza anthu kuti mkanda sutsutsidwa, lero autsutsa m'manja mwanga." Anati Lolemba adzapita kuchipatala china kumene sawadziwa, akakhale mayi wamba pamzere. Ine ndinakwera basi tsiku lomwelo, koma ndinali kutali.

Lolemba silinawapeze. Lamlungu m'mawa pa 15 Sepitembala 2024, akusita timalaya m'chipinda chachikasu chija, anagwa n'kuyamba kuphupha. Aneba a galimoto anawathamangitsira kuchipatala chachikulu. Kumeneko magazi anayezedwa pakhomo penipeni, ndipo dokotala anafunsa kuti munthuyu anali kuti masiku onsewa. Anawachita opaleshoni n'kutulutsa mwana wamkazi wamoyo. Malemu sanatsitsimuke. Anatisiya madzulo a tsiku lomwelo ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Madokotala atiuza kuti anali matenda a kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera, ndipo kuti akanaoneka pamakina aja Lachisanu. Ine ndinafika n'kupeza amuna awo ndi bambo awo atakhala pa benchi m'khonde. Alamu anga aikhalira kawiri benchi imeneyo.

Ndamva ena akunong'onezana kuseri kwa tentiyi kuti mantha ndi amene awapha, kuti chimene munthu amaopa chimamupeza. Mawu amenewo athere pano. Malemu mantha awo anawagonjetsa okha, popanda thandizo la onyoza, ndipo anatisonyeza ndi dzanja lawo. Anayezedwa chimene sankadwala, ndipo chimene ankadwala sichinayezedwe. Namwino uja sitikumusaka, wabwera dzulo n'kulira mpaka kugwa pakhomo. Iye anangomaliza zimene pakamwa pambiri panayamba.

A kuntchito atumiza nkhata yayikulu, tayiona. Apemphanso kathabwa koyamba kaja kuti akakaike m'galasi pakhomo pa ofesi. Banja lakambirana, ndipo yankho ndi lakuti ayi. M'galasi mulibe amene angapise dzanja. Ngati mukufuna kuwakumbukira, kauzeni anamwino anu onse kuti kathumba kasamatuluke makina a magazi asanagwire mkono wa mayi, ndipo kakatuluka, zimene kanena zikhale zomwezo.

Malemu asiya amuna awo, bambo awo, mayi awo aang'ono amene anawalera, apongozi, alamu, ife amalume, ndi mwana mmodzi wamkazi amene tikunena pano ali m'chipinda cha makanda kuchipatala, ndipo akuti akuyamwa bwino m'botolo. Tikuthokoza aneba a galimoto amene sanafunse za mafuta, madokotala amene anapulumutsa khandali, anyamata a kuntchito kwa amuna awo amene anapereka magazi, a mpingo, ndi nonse amene mwagona nafe pano ndi kutigwira mkono.

Kathabwa kaja tamusungira mwanayo, m'kathumba kosokedwa ndi agogo ake. Pempho la banja kwa inu amene mudzamuone akukula ndi limodzi lokha. Akadzati ndikuopa, mudzamukhulupirire. Akadzati sindikuopa koma mutu ukundipweteka, mudzamutengere kwa dokotala, nzeru zanu mudzazisiye pakhomo.

Pitani bwino, a Mafunso, mwana wa mlongo wanga. Nkhani yanu ndaitola yonse, osati theka. Mzimu wanu uuse mumtendere, kumene mukanena chinthu kamodzi akumvani.