Ba Kafula ndi Chithunzi cha Nsama

Ba hedi, akuluakulu a komiti ya makolo, aphunzitsi anzanga, banja lonse la a Mpundu, abale a ba Kafula amene tikutsanzikana nawo lero, makamaka iwe Tiza mwana wawo ndi adzukulu amene mwakhala kutsogolo apa, ndakulonjerani nonse. Amene simundidziwa, ndine Sophia, ndimaphunzitsa Giredi 4 pa sukulu ino ya m'Kanyama. Andiuza kuti ndisatalikitse. Ndiyesa.

Ba Kafula, ine ndinakupezani kale mu ofesi ija muli mlembi wa sukulu, mukugogoda taipi. Kenako kunabwera kompyuta. Mukukumbuka mmene munailandirira? Poweruka munkaifunditsa chitenje. Tikafunsa, inu: "Fumbi ya mu Kanyama siseka na munthu."

Nanga mayina a mafayilo! Ina munaitcha "Ya mvula". Ina "Ya batate bovuta baja". Ina "Iyi ndiye yeniyeni". Ba hedi akafuna kanthu, munkatsegula mafoda onse mmodzimmodzi, thukuta lili kamukamu. Pomaliza mumvekere: "Ba Sophia, iyi kompyuta yadya vinthu vanga!"

Tsiku lina ndinakuonetsani kabokosi kofufuzira kali m'munsi mwa sikirini. Ndinati lembani mawu amodzi okha amene mukuwakumbuka. Munalemba "bovuta". Fayilo ija n'kutulukira. Munaimirira, n'kuwomba m'manja, n'kuikalipira kompyuta: "Kanshi unali kudziba!"

Koma munazindikira msanga kuti kabokosi kaja kamapeza mosavuta chinthu chimene chili ndi dzina lake lenileni. Ndiye munayamba ntchito imene palibe anakutumani. Chithunzi chilichonse chimene tinajambula pano, cha masewera, cha kwaya, cha tsiku lotsekera, munkachilemba mayina a ana amene alimo. Ena tili ku chakudya chamasana, inu muli pampando, mukufunsa: "Aka kamene kabisala kumbuyo ni ka ndani?"

Tsopano mundilole ndinene zimene ena simukuzidziwa.

Mvula ya chaka chatha mukuikumbuka. Madzi analowa m'nyumba, kolera n'kutsatira. M'kalasi mwanga munali mtsikana dzina lake Nsama. Waphokoso, wokonda kuimba. Anadwala sukulu itatsekedwa, ndipo sanabwerenso.

Titatsegulira, amayi ake anafika mu ofesi. Ine ndinali momwemo. Anakana mpando. Anati: "Nifuna chabe chithunzi cha mwana wanga. Foni inangena mumadzi, vonse vinaonongeka. Nayamba kuibala nkhope yake."

Ba Kafula anakokera mpando pafupi, nkhope yawo pafupifupi kukhudza sikirini. Analemba dzina m'kabokosi kaja. Palibe chinatuluka. Analembanso. Palibe. Mayi uja anayamba kumanga chitenje chake, n'kuthokoza, kuti azipita.

Ba Kafula anandigwira dzanja. Anandinong'oneza: "Niberengeleniko vamene nalemba."

Nditayang'ana, ndinaona kuti alemba "Nsana". Chilembo chimodzi chokha. Ndinakonza, n'kudina.

Zithunzi zinadzaza sikirini. Nsama mu kwaya, pakamwa pali yasa. Nsama pa mpikisano wothamanga, nsapato zili m'manja. Nsama akuseka, mano akutsogolo atagweluka. Mayi uja anagwada pansi. Anaika chikhatho pa sikirini, n'kuyamba kumuitana mwana wake dzina. Tinasindikiza zonse, ananyamula atazikulunga m'chitenje ngati khanda.

Mayi uja atatuluka, ndinati: "Ba Kafula, mwaona mmene anasekera pa chithunzi chija?"

Munati: "Sininaone, ba Sophia. Ninamvela chabe mai alila, ndiye ninadziba kuti tamupeza."

Tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti matenda a shuga akudya maso anu. Munali mutabisa nthawi yaitali. Zilembo munkazikuza, ife n'kumayesa ukalamba wamba. Mabatani munkawadziwa ndi zala. Sindikuuzani kuti ndinalira kangati pobwerera kunyumba.

N'chifukwa chake tasonkhana lero, nthawi yanu yopuma pantchito isanakwane bwino. Simunafune kuchoka. Ifenso sitinafune. Dokotala ndiye wanena.

Ba Kafula, ana amene munawalemba mayina ndi ambiri. Ena ali ku sekondale, ena akugulitsa ku msika wa Kamwala, ena ali ndi ana awo. Ena, monga Nsama, anatisiya. Onsewo alimo mu kompyuta ija, aliyense ndi dzina lake, chifukwa cha inu. Ndalonjeza pamaso pa ba hedi kuti ntchitoyi ndipitiriza ndine. Ndikalakwitsa dzina, ndidzabwera kwanu ku Chawama kudzakufunsani.

Tiza, mayi ako tikukubwezera. Uwasamale. Mankhwala asamadumphe, ngakhale akalipe. Adzukulu inu, muziwawerengera, muziwauza zimene mukuona panjira. Amakonda kudziwa kuti wadutsayo ndi ndani.

Amayi, zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Zikomo chifukwa cha tiyi amene munkatisungira, ndi misozi ya makolo imene munkaipukuta chitseko chili chotseka. Pitani mukapume. Mulungu akusungireni kuwala kumene kwatsalako.

Anzanga, pemphani miyendo yanu iimirire. Ba Kafula sationa bwino tonse pano, koma makutu awo ndi akuthwa. Tiwombe m'manja mwamphamvu, amve kuti tabwera tonse.